Mutu 5: Mbiya Yoyamba ya Teleza

1. Pangano la pakhonde

Masiku amenewo tiyi anali asanadzaze mapiri a ku Thyolo monga tikuonera lero. Nkhondo ya Jeremani inali itatha, ndipo azungu a m'maesiteti anali pakalikiliki kuzula fodya, kugwetsa mitengo ndi kubzala tiyi paliponse pamene khasu lingalowe. Ntchito inachuluka, manja anachepa. Nyumba iliyonse yomangidwa pamalo a mzungu inkayenera kupereka anthu ku thangata, ndipo kapitawo ankayenda khomo ndi khomo kusuzumira ngati muli wina wongokhala.

Teleza sanali wongokhala, koma kwa kapitawo Dixon munthu aliyense wopanda dengu la tiyi kumsana anali mlesi basi. Mtsikanayu ankaphunzira kuumba mbiya kwa amake Fabiano, mayi wachikulire amene anathawa kudziko la Apwitikizi ulendo umodzi ndi makolo ake a Teleza.

Amake Fabiano anali mmisiri weniweni, koma pakamwa pawo pankaotcha ngati tsabola wa kambuzi. Atsikana ambiri anayambapo kuphunzira kwa iwo, ndipo onse anathawa. Teleza yekha ndiye anapirira. Mvula inagwa, inakata, inagwanso, iye akadasinja dothi, kutola timiyala ndi kuumba timiphika timene aphunzitsi akewo ankangotibonyola ndi chala n'kunena kuti, "Ichi ndi chipewa, si mphika."

Tsiku lina madzulo a Malizani, bambo ake a Teleza, anabwera kuchokera ku tiyi nkhope ili yakugwa. Anakhala pakhonde osavula n'komwe chiguduli chimene ankafunda poteteza mame.

"Iwe Teleza, tabwera ukhale apa. A Dixon andiimikanso lero. Akuti m'nyumba mwanga muli mtsikana wamanja awiri amene amangosewera ndi matope. Akuti zikapitirira atiuza tisamuke. Tisamukira kuti? Tibwerere komwe tinathawa kuja?"

"Ababa, sindikuseweratu ine. Ndatsala pang'ono."

"Pang'ono wakoyo ndinayamba kumumva chaka chatha," anatero a Malizani. "Koma tamvera. Akazi awo a Dixon, mayi Lizzie, akufuna mbiya yaikulu yophikira thobwa la ukwati wa mwana wawo. Ndawachonderera kuti uumbe ndiwe. Ikatuluka pamoto yabwino, amake Fabiano n'kuivomereza, a Dixon akusiya uziumba, pakuti nawonso anthu a pa esiteti pano amafuna pophikira. Ikakanika, Lolemba lake ukanyamula dengu, ndipo za dothi usadzazitchulenso pakhomo pano. Wamva?"

"Ndamva, ababa," anayankha Teleza.

2. Chenjezo la amake Fabiano

"Mbiya yaikulu? Iweyo? Amene dzana lomweli umaumba zipewa?" anatero amake Fabiano atamva nkhaniyo m'mawa mwake. Anaseka mpaka kutsokomola. Atatha kuseka anamuponyera dengu lakale. "Nanga waimiranji? Dothi silibwera lokha."

Teleza anatsetsereka kumtsinje wa kumunsi kwa esiteti, kumene kunali mtapo wa dothi lakuda, lonanda. Analisinja pamodzi ndi mapale a miphika yakale kuti lilimbe. Kenako anaumba tsinde, n'kumapota dothi ngati chingwe ndi kulisanjikiza pang'onopang'ono, dzanja lina m'kati, lina kunja. Anapala m'kati ndi chikamba cha nkhono, kunja anasalaza ndi chitsononkho. Aphunzitsi ake sanakhudze mbiyayo ngakhale ndi chikhadabo. Anangokhala pamphasa chapafupi n'kumakalipa.

"Khosi lapendeka ilo! Ukuumba mbiya kapena nkhuku yothyoka khosi? Wongola!"

Mbiya itauma pang'ono, inafika nthawi yoikulunga ndi nkhulungo, kamwala kosalala kamene kamawalitsa dothi. Teleza anakafunafuna osakapeza.

"Amayi, nkhulungo ili pati?" anafunsa ali kumbuyo kwawo.

Sanayankhidwe. Anafunsanso mokweza, koma amake Fabiano anangopitiriza kutola tiudzu pamphasa yawo. Mpaka anachita kuwakhudza paphewa.

"Nanga bwanji osalankhula ngati munthu? Atsikana a masiku ano mumalankhulira m'mimba," anakalipa motero, akutulutsa kamwalako m'mphepete mwa nsalu yawo. Teleza anangoti ndi ukali wawo wa masiku onse.

Akukulunga mbiyayo, mayi aja anasendera pafupi, ndipo ulendo uno sanali kuseka.

"Mwanawe, zimene ndikuuze pano usazitaye. Mbiya ikatuluka pamoto usaikhulupirire ndi maso. Imatha kuoneka yosalala, yofiira bwino, koma m'kati mwa dothimo muli mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. Uziigogoda ndi chala, khutu lili pafupi. Yabwino imati ngwee, mawu n'kumapitirira. Yovulala imangoti gu, basi, ngati wagogoda dzungu.

"Kwathu kuja, ine ndili msinkhu wakowu, kunali mayi wina woumba, dzina sinditchula. Anagogoda mbiya yake n'kumva gu, koma anachita manyazi kuti anthu amuseka. Anaipereka. Masiku oyamba inagwira ntchito bwinobwino, mpaka iye mwini anaiwala. Tsiku lina phala likuwira pamafuwa, mbiya ija inangoti phwaa! Mwana wa eni nyumba anali kukwawa pomwepo. Anachira, inde, koma anakula ndi dzanja lokhwinyata, losagwira khasu. Ine ndinamuona ndi maso angawa. Mayi uja sanakhudzenso dothi mpaka analowa m'manda.

"Tsono lamulo langa ndi ili. Mbiya yovulala saipereka. Saimata. Saibisa kuseri kwa nyumba kuti wina aitole. Woiumbayo amaiphwanya yekha, anthu akuona. Ukadzaswa lamulo limeneli, usadzanene kuti unaphunzira kwa ine."

"Sindidzaliswa, amayi."

"Kulonjeza n'kosavuta mbiya isanapse," anatero amake Fabiano. Kenako anamulamula kuti aifunde masamba a nthochi n'kuiika m'nyumba, pamthunzi, kuti iume mosathamanga.

3. Tsiku lowotcha

Anawotcha Loweruka masana, anthu ataweruka ku tiyi, mphepo itadekha. Teleza anali atatuta makungwa ouma a mitengo imene azungu anagwetsa. Anasanja mbiya yake pakati, miphika ndi mitsuko ya aphunzitsi ake m'mbali, n'kukwirira zonse ndi makungwa ndi udzu.

Anthu anabwera ambiri, ena kudzaona luso, ena kudzaona manyazi, monga mudziwa mmene anthu alili. A Malizani anaima patali, manja ali kumbuyo. Mayi Lizzie anakhala pampando umene anachita kubwera nawo okha, atavala chilundu chatsopano, kamdzukulu kawo kakukwawa m'fumbi pamapazi awo.

Moto unayaka mwaukali. Teleza anauzungulira ndi mtengo wautali, kukankhira makungwa pamene pankaoneka dothi. Thukuta linali kamukamu, maso ali psuu ndi utsi. Palibe chimene chinaphulika. Moto utazilala anatulutsa ziwiya chimodzichimodzi ndi mitengo iwiri, n'kuziwaza madzi a makungwa ofiira zikadali zotentha kuti zikhale ndi mawanga.

Mbiya ya Teleza inatuluka yokongola, tisanamizane. Inali yofika m'chiuno mwa munthu, mimba yake yozungulira bwino, khosi lowongoka. Ngakhale amene anabwera kudzaseka anayamba kugwedeza mitu.

Zitazizira, amake Fabiano anadzuka. Anawerama pa mtsuko wawo woyamba n'kugogoda. Ngwee. Wachiwiri, ngwee. Amayi ena anali atayamba kale kucheza ndi kusankha miphika, ndipo phokoso linakula. Potsiriza amake Fabiano anafika pa mbiya ya Teleza. Anapendeketsa mutu, anapinda chala, n'kugogoda pamimba pake.

Gu.

Teleza anali atagwada pafupi penipeni, ndipo anamva bwino lomwe. Anaweramitsa mutu kudikira chikalipo.

"Yapsa bwino," anatero amake Fabiano mokweza. "Anthuni, mwanayu waumba!"

Nthungululu zinalira. A Malizani anavula chipewa n'kuchiponya m'mwamba ngati mnyamata. Mayi Lizzie anaitana atsikana awiri kuti apote nkhata, anyamule mbiyayo.

4. Mwala m'manja

Teleza anayang'ana aphunzitsi ake kumaso. Anayesa kuti mwina akumuyesa, koma ayi. Mayi amene sankayamikira munthu aja anali kumwetulira ndi mtima wonse, misozi ikulengeza. Pamenepo ndi pamene Teleza anakumbukira za nkhulungo ija, mmene anafunsira osayankhidwa. Amake Fabiano sanamve kanthu.

Anasendera ngati akupukuta phulusa, n'kugogodanso yekha mwakachetechete. Gu. Anayesa mbali ina. Gu.

Palibe wina anazindikira. Anthu otchola tiyi sadziwa kusiyanitsa mawu a mbiya, ndipo ngakhale akanadziwa, nthungululu zinali zitaphimba zonse. Teleza akanangokhala chete, dengu la tiyi likanamupitirira. Atsikana aja anafika ndi nkhata yawo. Kamdzukulu ka mayi Lizzie kanakwawira pa mbiyayo, n'kuigwira ndi timanja tiwiri kuti kaimirire.

"Dikirani," anatero Teleza. "Mbiya iyi sichoka pano."

Phokoso linatha ngati wathira madzi pamoto.

"Wati chiyani?" anafunsa mayi Lizzie.

"Ili ndi mng'alu, mayi. Siingaphikire thobwa."

"Teleza!" anakuwa a Malizani akubwera msangamsanga. "Khala pansi! Aphunzitsi ako avomereza, iwe ndiwe ndani? Wapenga kodi?"

"Phokoso linachuluka, ababa. Ine ndinali pafupi kuposa amayi. Ndamva ndi makutu anga."

Ananena choncho dala, kuti anthu asadziwe chimene iye anali atangodziwa kumene. Amake Fabiano anali kuyang'ana pakamwa pa uyu, pakamwa pa uyo, kumwetulira kuja kukuzimirira.

Teleza anatenga mtsuko wa madzi n'kukhuthulira m'mbiyamo. Anatenga wina, n'kukhuthuliranso. Anthu anaunjikana. Kwa kanthawi sipanaoneke kanthu, ndipo wina kumbuyo anayamba kuseka. Kenako chakumunsi kwa mimba ya mbiya kunatuluka kamzere kakuda konyowa, kopyapyala, kotalika ngati chikhato. Kadontho kanatsika n'kugwera m'phulusa.

Mayi Lizzie anawerama n'kuyang'anitsitsa. Sanali munthu woipa mtima, ndipo mbiyayo anali ataikonda. Anatsitsa mawu.

"Kameneka? Mwana iwe, ingomata ndi phula basi. Ine kwa abambo akunyumba ndikanena kuti ili bwino. Ukudziwa chimene ukutaya?"

"Ndikudziwa, mayi. Koma phula limasungunuka pamoto, ndipo pophika thobwa ana sachoka pamafuwa."

"Teleza, mwana wanga," anatero a Malizani, tsopano mochonderera. "Ganiza za Lolemba."

Teleza anawayang'ana bambo akewo ndipo anawamvera chisoni kwambiri, pakuti ankadziwa mmene anadzichepetsera pamaso pa kapitawo chifukwa cha iye. Komabe ananyamula kamwana kaja n'kukapereka kwa agogo ake. Anapendeketsa mbiya, madzi onse n'kutayika. Anatola mwala wa pamafuwa ndi manja awiri.

Kumenya koyamba mwala unangotsetsereka. Kachiwiri anamenya ndi mphamvu zake zonse. Mbiya inagawika motsata mng'alu uja, n'kugwa mbali ziwiri.

Mayi Lizzie anadzuka, anakutumula chilundu chawo, n'kuuza mtsikana wina kuti anyamule mpando. "Ndiye thobwa la mwana wanga ndiphikira m'manja?" anatero akuchoka. A Malizani anatola chipewa chawo m'fumbi. Anangonena mawu amodzi okha, "Lolemba," n'kutembenuka.

5. Zimene anaulula amake Fabiano

Anthu anabalalika, aliyense ndi zonena zake. Ena ankati mwanayo ndi wopusa, ena ankati ndi wamwano, wofuna kuposa aphunzitsi ake. Pabwalo panatsala anthu awiri ndi phulusa.

Teleza anayamba kutola mapale n'kumaika m'dengu, poti mapale satayidwa, amasinjidwa n'kulowa m'dothi latsopano. Misozi inali kugwera pamanja pake, koma sanasiye kutola. Amake Fabiano anatola phale limodzi lalikulu n'kuyendetsa chala m'mphepete mwake. Pamene panali mng'alu panali poderapo, ndipo pakati pake panali kamwala kochepa ngati njere ya mapira.

"Kamwala aka kanakuzemba posinja," anatero. "Kulakwa kwako ndi komweko, ndipo woumba aliyense kanamuzembapo. Tsono bwera kuno. Khala kutsogolo kwanga, ndizikuona pakamwa."

Teleza anagwada patsogolo pawo.

"Inati gu?"

"Inde, amayi."

"Ndipo wanamizira phokoso kuti anthu asandiseke." Mayi aja anapuma mozama. "Makutu angawa anayamba kutseka dzinja lathali. Poyamba ndinkati ndi chimfine. Belu la ku esiteti ndinasiya kulimva, tambala ndinasiya kumumva. Ndinachita manyazi, mwanawe, ine ndemwe ndinkakuuza za manyazi a mayi uja. Ndakhala ndikugogoda miphika mwa chizolowezi chabe, n'kumavomereza ndi maso. Chinthu chomwe ndinakuletsa iwe, ndachichita ine."

Chiyambire Teleza anali asanaonepo amake Fabiano akulankhula motsitsa chonchi, ndipo zinamuwawa kuposa kukalipa kwawo konse.

"Lolemba upita ku tiyi, zimenezo sindingaletse," anapitiriza. "Bambo ako anapangana, ndipo munthu sathawa pangano. Koma ine ndikunena pano kuti lero ndaona woumba. Manja ndikadali nawo, makutu ndilibe. Kuyambira lero palibe mphika uchoke pabwalo lino iwe usanaugogode, kaya ubwere utaweruka, kaya Lamulungu. Zimenezo ndikakambirana ndi bambo ako ndekha, andikalipire ine."

"Ndizibwera, amayi. Ngakhale nditatopa bwanji, ndizibwera."

"Usafulumire kukondwa. Pali china chimene chikundidya mumtima." Analoza ndi chibwano nyumba za antchito zimene zinandandalika kutsidya, utsi wa madzulo ukutuluka m'madenga. "Chiyambire dzinja ndapereka miphika yambiri m'nyumba zimenezo. Yonse ndinaigogoda ndi makutu akufawa. Sindikudziwa kuti yabwino ndi iti, yovulala ndi iti, ndipo anthu akuphikira tsiku ndi tsiku."

Teleza anayang'ana nyumbazo. Ankadziwa ana a m'nyumba iliyonse ndi maina awo.

"Ndikaigogoda yonse," anatero. "Mundiuze makomo ake."

"Udziwe kuti ukakalowa m'makomo kukagogoda miphika yanga, chinsinsi chimene wandibisira lerochi chatha. Anthu adziwa."

"Nanga nditani, amayi?"

"Upite. Adziwe basi. Ndiwauza ndekha mawa kutchalitchi." Anatseka maso pang'ono, kukumbukira. "Uyambe ndi waukulu kuposa yonse. Ndi nkhali imene amaphikira phala la ana m'mawa uliwonse. Imeneyo ndiyo yakhala ikundisowetsa tulo, chifukwa tsiku lomwe ndinaiwotcha mphepo inasintha moto uli pakati."

"Ili kwa yani?"

"Kwa a Dixon."

Teleza anaika dengu la mapale pansi. Dzuwa linali lisanalowe. Anasamba m'manja, anamanga bwino nsalu yake, n'kuyamba kutsika kanjira kodutsa m'mizere ya tiyi.

Nyumba ya kapitawo inali yokhayo ya chitseko cha matabwa. A Dixon anali pakhonde, ndodo yawo ili pamiyendo, ndipo mayi Lizzie anali ataima pambali pawo akulankhula ndi manja omwe. Atamuona Teleza, onse awiri anatembenukira kwa iye. Kuseri kwawo, pakhitchini, mtsikana wina anali kusonkha moto, nkhali yaikulu ili kale pamafuwa.

Teleza sanabwerere. Anagwada kumapeto kwa bwalo n'kuomba m'manja.

"Odi kuno!"

A Dixon anadzuka pang'onopang'ono, ndodo ili m'manja.

"Iwe ndiwe waphwanya mbiya ya ukwati wa mwana wanga," anatero. "Tsono pakhomo panga wadzaphwanyanso chiyani?"